Kadzutsa pa bwalo la ndege la OR Tambo: mmene mungadyere mokhazikika osasiyidwa ndi ndege

Ndege zambiri zochokera ku London, Frankfurt ndi Zurich zimayenda usiku wonse n'kudzatera pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg m'mawa. Kuchokera ku London wokha ndi ulendo wa maola pafupifupi 11. Kwa amene mukupitirira ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Harare, ndege yachiwiri imakhala ikadali ndi maola angapo kuti inyamuke, pomwe kabanzi ndi kayogati kamene anakupatsani m'ndege kaja katha kale ntchito. Njala ikafika pamenepo munthu amangolowa pamalo oyamba amene waona, kapena amatengeka ndi mnzake wa ku Joni amene akuti bwerani m'tauni ku Sandton tidzamwe tiyi. Zonse ziwirizi zikhoza kukudyerani ndalama zambiri, ndipo yachiwiriyo ikhoza kukutayitsani ndege. Malo odyera muwasankhe pomaliza, mutayang'ana kaye wotchi, tikiti ndi pasipoti.

Choyamba: werengani nthawi mobwerera m'mbuyo

Musayambire pa nthawi imene ndege yanu yatera. Yambirani pa nthawi yokwerera ndege yachiwiri, imene yalembedwa pa boarding pass (kapepala kokwerera ndege), osati yonyamukira. Nthawi yokwerera imakhala mphindi 30 kapena 45 ndege isananyamuke, ndipo geti amatseka ndege ikadali pansi. Pa OR Tambo palinso china: ndege zambiri zopita mayiko oyandikana nawo siziima pafupi ndi nyumba. Mumatsikira ku mageti a pansi n'kukwera basi yokafikitsani pa ndege. Basi yomaliza ikapita, ndiye kuti zanu zada, ngakhale ndegeyo mukuiona ndi maso pawindo.

Tiyerekeze kuti mwatera 6:30 m'mawa ndipo ya ku Lilongwe inyamuka 12 koloko masana. Papepala ndi maola asanu ndi theka. Koma kutsika m'ndege, kuyenda makonde aatali aja ndi kuima pamzere wa imigireshoni kungakutengereni ola lathunthu kapena kuposa, chifukwa ndege zikuluzikulu zimatera motsatizana nthawi yomweyo. Mwatuluka cha m'ma 7:45. Pobwerera mukufunika kukhala pamzere wa achitetezo pofika 10 koloko. Nthawi yanu yeniyeni ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Amenewo ndi amene muyenera kupangira mapulani.

Wotchi isakusokonezeni. Nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi ya ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Ya ku London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndi maola awiri miyezi inayo. Foni imasintha yokha ikalumikizana ndi netiweki kapena Wi-Fi yaulere ya pabwalopo, koma wotchi ya pamkono muyisinthe nokha musanatsike m'ndege.

Chachiwiri: katundu wanu ali kuti?

Yang'anani kapepala komata kamene anakupatsani popereka masutikesi. Ngati palembedwa LLW kapena BLZ, katunduyo adzifikira yekha ku Lilongwe kapena ku Blantyre, inu muli ndi kachikwama ka m'manja basi. Ngati palembedwa JNB, katundu akutsikira pomwepo. Izi zimachitika kawirikawiri mukagula matikiti awiri osiyana, mwachitsanzo ina ya kampani ya ku Ulaya ndi ina ya Malawi Airlines kapena Airlink yogulidwa payokha. Zikatero mulibe kusankha: mudutsa imigireshoni, mutenga katundu, mukamuperekanso pa kauntala ya ndege yachiwiri.

Perekani katunduyo musanadye, ngati kauntala yatsegulidwa. Makauntala a ndege zakunja amatsegula maola pafupifupi atatu ndege isananyamuke ndipo amatseka ola limodzi isananyamuke. Kudya ndi masutikesi awiri a makilogalamu 23 pambali pa tebulo ndi chintchito, diso limodzi pa mbale lina pa katundu. Ngati kauntala sinatsegulidwe, pabwalopo pali malo osungitsa katundu molipira. Funsani pa desiki ya zofunsa.

Chachitatu: kodi mukuloledwa kutuluka?

Pasipoti ya Malawi imalowa mu South Africa popanda visa kwa masiku 30. Anzathu a ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique nawonso safunika visa pa ulendo waufupi. Choncho kutuluka kukadya n'kololedwa, koma dziwani kuti mukadutsa pa imigireshoni mwalowa m'dzikomo mwalamulo. Adinda polowa, adindanso potuluka. Pasipoti ikhale ndi masamba osadindidwa, ndipo ikhale yoti sikutha pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lotuluka. Wa pakauntala akafunsa chimene mwadzera, nenani zoona mwachidule, kuti mukudikira ndege ya masana, n'kumuonetsa tikiti.

Anthu awiri asayese n'komwe. Woyamba ndi amene anapitirizapo masiku ku South Africa n'kuletsedwa kulowa kwa nthawi ina. Ameneyo akhale mbali ya transit, ya odikira ndege ina osalowa m'dzikomo. Wachiwiri ndi amene akuchokera dziko la matenda a yellow fever, monga Brazil, Nigeria, Ghana, Uganda kapena Kenya, koma alibe khadi yachikasu ya katemera. South Africa imaifuna khadi imeneyi, ngakhale kwa munthu amene anangodikira ndege maola oposa 12 m'dziko lotero.

Chachinayi: konzani zolipirira musanakhale pansi

Kwacha siigwira ntchito kumeneko, ndipo musayembekezere kuti osintha ndalama ailandira. Mitengo yonse ili mu rand. Malo odyera pafupifupi onse amalandira khadi ya Visa kapena Mastercard, koma makhadi a mabanki a ku Malawi amakhala ndi malire pa ndalama zakunja, ndipo ena amafuna kuti muwadziwitse kaye kuti mukutuluka m'dziko. Zimenezi mukonzeretu musanayambe ulendo. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu rand kapena mu ndalama ya kwanu, sankhani rand; kusintha kwa pamakinapo kumakhala kodula. Ngati muli ndi madola kapena mapaundi, sinthani zochepa zokwanira chakudya, chifukwa mitengo yosinthira ya pabwalo la ndege siikomera wogula. Pa ATM musalole munthu wosamudziwa kuti akuthandizeni, ngakhale atavala bwino chotani.

Chachisanu: sankhani malo molingana ndi maola amene mwapeza

Ngati pakati pa ndege ziwirizi pali maola osakwana atatu, ndipo katundu adzifikira yekha, iwalani zotuluka. Tsatirani zikwangwani za International Transfers, muonetse pasipoti, mudutse posecha, mufike mbali yonyamukira ndege zakunja ku Terminal A. Kumeneko kuli malo a khofi ndi odyera okwanira, Mugg & Bean ili m'gulumo. Pitani kaye mukaone geti lanu ndi maso, muyeze mtunda wake, kenako mubwerere kukadya. Mitengo ya mbali imeneyi ndi yokwererapo, ndipo mashopu ambiri ndi a mafuta onunkhira, mowa ndi ziboliboli, osati a chakudya.

Mbali yomweyo kuli zipinda zopumira zolipira monga Bidvest Premier Lounge, kumene mumalipira pakhomo kapena kulowa ndi khadi ngati Priority Pass. Mumadzitengera nokha chakudya, khofi ndi zipatso, pali pokhala pabwino, potchajira foni ndi posambira. Kwa munthu amene wagona chokhala usiku wonse ndipo akudikira maola atatu kapena anayi, ndalamayo siipita pachabe. Kwa wa mphindi 40, ndi kuwononga. Palinso hotela ya Protea mkati mwa transit momwemo, ya amene akufuna bedi kuposa mbale.

Ngati muli ndi maola apakati pa atatu ndi asanu ndi limodzi, apa ndi pamene ine ndimaona kuti pali phindu lenileni, ndipo ndi pamene anthu ambiri saganizirapo. Dutsani imigireshoni, mutulukire mu holo yofikira alendo, koma musatuluke m'nyumbamo. Terminal A ya ndege zakunja ndi Terminal B ya ndege za m'dziko zili pansi pa denga limodzi, mumangoyenda wapansi. Lowerani cha ku Terminal B, mukwere masitepe oyenda okha kufika pamene pali mashopu ndi malo odyera. Kumeneko n'kumene amadyera anthu a m'dzikomo, operekeza abale ndi ogwira ntchito pabwalopo. Mupeza Wimpy, Mugg & Bean, Spur ndi ena ogulitsa nkhuku ndi mabega, komanso sitolo ya zakudya ya Woolworths. Mwadya ngati muli m'tauni, koma geti lanu lili pamtunda woyenda ndi miyendo, popanda msewu kapena sitima pakati panu ndi ndege.

Amene thumba lapyapyala alowe mu Woolworths: sangweji, nthochi, yogati ndi botolo la madzi, n'kukakhala pa benchi. Palibe wokuyang'anani kawiri. Kumbukirani kokha kuti yogati, juwisi ndi madzi oposa mamililita 100 sizidutsa posecha pa ndege zakunja, ndiye mumalize konko.

Amene mukufuna bata, hotela ziwiri zili poyenda wapansi. InterContinental ili tsidya la msewu, moyang'anizana ndi khomo lotulukira alendo ochokera kunja. City Lodge ili pamwamba pa malo oimikapo magalimoto, mumafikako potsatira zikwangwani. Funsani pa risepushoni ngati akulandira munthu wosagona pomwepo, mufunsenso mtengo musanatenge mbale. Kadzutsa wa m'mahotela ndi wodzitengera wekha mmene ungathere, mtengo umodzi, ndipo amachotsa cha m'ma 10 koloko. Ngati mukudziwa kuti simudyanso mpaka mutafika kwanu ku Mzuzu kapena ku Zomba usiku, kudya kotere n'kwanzeru. Mahotela ena a ku Kempton Park, tauni yoyandikana ndi bwaloli, ndi a ku Emperors Palace, malo a mahotela ndi kasino, ali ndi timabasi tawo tonyamukira kuseri kwa InterContinental, koma mukayamba kudalira kabasi ka eni ake ndiye kuti nthawi yobwerera sili m'manja mwanu.

Sandton ndi ya munthu amene ali ndi maola oposa asanu ndi limodzi, katundu atapereka kale. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu June 2010 mpikisano wa mpira wa dziko lonse utatsala pang'ono kuyamba, ili ndi siteshoni pamwamba m'nyumba ya bwalo la ndege momwemo. Imafika ku Sandton m'mphindi 15, itaima ku Marlboro. Koma mphindi 15 zimenezo zimanyenga. Onjezani kuyenda kukafika pasiteshoni, kudikira sitima, kumene Loweruka ndi Lamlungu kumatalika, kukwera kuchokera pansi penipeni pa siteshoni ya Sandton, n'kuyenda kukafika ku Nelson Mandela Square kumene kuli chipilala chachikulu cha Mandela ndi malo odyera ozungulira bwalo. Kupita ndi kubwera muwerengere ola ndi theka. Mtengo wake ndi woposa R200 ulendo umodzi, kutanthauza kuti sitima yokha ikhoza kudya ndalama zoposa za chakudya chimene mwapitira. Mumalipira ndi khadi ya Gautrain kapena kugunditsa khadi ya ku banki pageti, khadi imodzi munthu mmodzi. Ndipo musagule khofi woti muzimwa m'njira: mu Gautrain saloleza kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda ake sanyengerera.

Pa chitsanzo chathu chija cha 6:30 ndi 12 koloko, Sandton ikusiyirani mphindi zosakwana 45 zokhala patebulo. Sizikukwanira. Mnzanu wa ku Joni ngati akukufunanidi, abwere iyeyo ku bwalo la ndege mudzadyere limodzi ku Terminal B.

Za galimoto, m'mawa wa pakati pa sabata misewu ya R24 ndi N3 imadzaza kwambiri kuyambira cha m'ma 6 mpaka 9 koloko, ndipo ulendo wa theka la ola ukhoza kusanduka wa ola lathunthu. Ngati mwasankhabe galimoto, itanani Uber kapena Bolt pa foni, mutsatire zikwangwani za e-hailing, muone nambala ya galimoto musanakwere. Okuyandikirani mu holo n'kumati takisi, takisi, muwakane mwaulemu muzipita.

Chachisanu ndi chimodzi: kuitanitsa

Mukangokhala pansi, uzani woperekera zakudya nthawi imene mukufuna kunyamuka. Amazolowera anthu a ndege, akuuzani chimene chituluke msanga.

Kadzutsa wamba wa m'malo ngati Wimpy ndi mazira awiri, nyama ya nkhumba yodula mopyapyala, soseji, tomato wowotcha, tchipisi ndi buledi wowotcha, pambali timapaketi ta batala ndi jamu. Konzekerani mafunso atatu amene amabwera mothamanga. Mazira muwafuna otani? Scrambled ndi ovundula, sunny side up ndi okazinga mbali imodzi chachikasu chapakati chikadali chamadzimadzi, ndipo ngati simugwirizana ndi dzira losapsa nenani kuti hard kapena well done. Buledi woyera kapena wabulauni? Mkaka wotentha kapena wozizira? Funso la mkakali limadabwitsa alendo ambiri, koma kumeneko ndi mwambo, amabweretsa m'kajagi kakang'ono pambali. Mukangoti tiyi, ena afunsanso ngati mukufuna Ceylon, amene ndi tiyi wakuda wa masiku onse, kapena rooibos, tiyi wofiira wa masamba a chitsamba chomera kumapiri a Cederberg ku Western Cape. Rooibos alibe caffeine, ndi wabwino ngati mukufuna kukagona m'ndege yachiwiri, koma sangakuchotseni tulo. Ku Mugg & Bean kuli khofi amene amati bottomless, mumalipira kamodzi iwo n'kumakuthirirani kapu ikatha, ndipo mafini awo ndi aakulu moti imodzi ikwanira anthu awiri.

Soseji yoyenera kulawa ndi boerewors, yonenepa, ya nyama ya ng'ombe nthawi zambiri yosakaniza ndi ya nkhumba kapena ya nkhosa, yonunkhira coriander. Mukaona pap pa menyu, ndi ufa wa chimanga womwewu, koma umabwera mosiyanasiyana: wina wolimba ngati nsima, wina wamadzi wa phala, wina woyoyoka wotchedwa krummelpap kapena phuthu, umene amathira supu ya tomato ndi anyezi kapena mkaka wowawasa wotchedwa amasi. M'mahotela mupezanso phala la oats, ndipo mwina Maltabella, phala lofiirira la mapira. Magwinya, amene ena amati vetkoek, ndi achibale a mandasi, koma kwawo kwenikweni ndi m'misewu ndi pamasiteji a minibasi, ndipo si nzeru kuti mlendo wonyamula pasipoti ndi laputopu azikawasaka m'misewu ya Kempton Park mbandakucha.

Asilamu ndi ena osadya nkhumba asamale, chifukwa mbale zambiri za m'mawa zimabwera ndi bacon osanena. Kampani imodzi ikhoza kukhala ndi nthambi ina ya halaal ina ayi, choncho yang'anani satifiketi yopachikidwa pakhoma, ya mabungwe monga SANHA, NIHT kapena MJC, kapena funsani. Malo a halaal amaika macon, yopangidwa ndi nyama ya ng'ombe kapena ya nkhosa, m'malo mwa bacon.

Odwala shuga amene amwa kale mankhwala kapena kubaya insulin asadikire kufika pamalo abwino. Idyani kanthu pamalo oyamba, zokoma zibwera pambuyo. Ndipo tonsefe timwe madzi ambiri. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wouma, ndipo mutu umene umawawa mukatsika ndege yausiku ukhoza kukhala wa ludzu chabe. M'miyezi ya June ndi July m'mawa kumazizira mpaka kuyandikira digiri 0, ndiye juzi ikhale m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi imene yapita kale.

Bilu muitanitse chakudya chikangofika, osadikira kumaliza. Kumeneko woperekera zakudya sabweretsa bilu mpaka mutamuuza, ndipo nthawi imene mwakonzeka kunyamuka ndi imene iye amakhala ali kutebulo lina. Tipu ndi 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono pamalo okhala pansi. Pa kapepala ka bilu pamakhala mzere wolembedwa gratuity: mumalemba tipuyo ndi cholembera, n'kuphatikiza pansi pake. Akabweretsa makina, akufunsani kuti alembe zingati. Tchulani zonse pamodzi ndi tipu, muone nambala pa sikirini musanagunditse khadi. Khadiyo isachoke pamaso panu. Pogula pa kauntala tipu si yokakamiza.

Chachisanu ndi chiwiri: kubwerera

Tcherani alamu pa foni musanayambe kudya, ya nthawi yonyamuka patebulo, osati yokwerera ndege. Ngati munatuluka pa imigireshoni, alamuyo ilire maola awiri ndi mphindi 15 ndege isananyamuke. Ngati muli ku Sandton onjezani ola. Mudutsa posecha, kenako pa imigireshoni yotulukira, ndipo mizere iwiri yonseyi imatha kutalika mosayembekezereka. Laputopu ikhale pamwamba m'chikwama, ndalama zachitsulo zimene anakubwezerani zichoke m'thumba, botolo la madzi likhale lopanda kanthu.

Mukalowa, yang'ananinso nambala ya geti pa masikirini, chifukwa imene inalembedwa pa boarding pass ku London usiku wathawu ikhoza kukhala itasintha. Ngati ndi geti la pansi la basi, tsikirani msanga. Kumeneko kumapanikizana, mageti ali pafupipafupi, ndipo n'kosavuta kuima pamzere wa ku Maputo mukuganiza kuti ndi wa ku Blantyre. Ulendo wotsalawo ndi wa maola awiri kapena awiri ndi theka, ndipo chimene adzakupatseni m'ndege ndi chochepa. Ngati kuchokera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport mukadali ndi basi ya maola ambiri, gulani sangweji youma kapena paketi ya ma rusk (tizidutswa ta buledi wouma) ndi ma rand otsalawo musanatsikire ku geti.